Mabotolo a Amalume Kutsindwi

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene amalume anga a Yakobe anabwerako ku Halale, nkhondo yaikulu yachiwiri itangotha kumene. Anatsika sitima ya pamadzi pa Chipyela ndi sutikesi yachitsulo, chipewa chopendekeka ndi nsapato zolira, ndipo ndine amene ndinasenza sutikesiyo mpaka kwathu ku Yofu, khosi likuwawa koma mtima uli wodzaza ndi chimwemwe. Bambo anga anali atapita ku Joni ndili wakhanda, ndipo kuchokera pamenepo kunangoti zii. Choncho amalumewo atamanga kanyumba kawo kuseri kwa nyumba ya amayi, ndinawatenga ngati bambo anga enieni. Akanandiuza kuti nyanja yathu ndi yamchere, ndikanatsutsa lilime langa lomwe.

Chaka chimenecho pakhomo pathu tinkayembekezera zinthu ziwiri. Amalume anali atafunsira Agnesi, mwana wa aphunzitsi a Petro, ndipo ukwati unali woti uchitike Khirisimasi ikangodutsa. Ine ndinali m'kalasi ya okonzekera kusanjikidwa manja ndi abishopu, kuti ndiyambe kulandira Mgonero pamodzi ndi anzanga. Kwa mtsikana wa pachilumba masiku amenewo, palibe tsiku limene linkaposa limeneli. Unkalowa m'tchalitchi chachikulu cha pa Chipyela uli mwana, n'kutulukamo anthu akukuyesa munthu. Ine ndi mnzanga Monika tinkayeseza kugwada pamchenga popita kotunga madzi, titaphimba mitu ndi nsalu zotsukira mbale, kuti tsikulo likadzafika tisadzachite chibwana. Wophunzitsa kalasi yathu anali a Petro omwewo, munthu wofatsa koma wosabweza mawu. Lamulo lawo tonse tinkalidziwa: wa m'kalasi, ngakhalenso woyembekezera ukwati wa m'tchalitchi, asapezeke akufulula mowa.

Mango chaka chimenecho anabereka mochititsa manyazi. Ankagwa okha, mbuzi zinawatopa, ndipo njira yonse yopita ku Chipyela inkanunkha zowola. Tsiku lina amalume anaima pansi pa mtengo wathu, manja ali m'thumba, akupukusa mutu.

“Esitere, wandu a pano maso ali nawo koma saona,” anatero. “Dona amene ndinkamuphikira ku Halale ankapanga vinyo ndi zipatso zotere. Vinyo weniweni wa pathebulo.”

“Kodi si mowa umenewo, amalume?”

“Aikona! Mowa ngwa chimera. Uyu ndi vinyo, chindu chaulemu. Tipange ine ndi iwe, wandu adzadabwe pa ukwati wanga.”

Mawu akuti “ine ndi iwe” ndi amene anandigula. Sindinafunsenso china. Ndinadzazindikira patapita zaka kuti amalumewo vinyo sanamupangepo chibadwire. Ankangosuzumira pakhomo la khitchini dona akupanga, iwo akusenda mbatata. Paja akuluakulu amati ndidziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.

Ntchito yonse inali ya manja anga, chifukwa manja a amalume anali atafewa ku Halale ndipo ntchito yawo inali kuloza. Amayi anang'ung'udza, koma anatibwereka mtsuko wawo waukulu, ndipo ndi iwo amene anandiuza kuti ndiyambe ndautsuka ndi madzi otentha. Ndinkatola mango akupsa osaphwanyika, kuwasenda, n'kuwafinyira mumtsuko mpaka madzi ake akuyenderera m'zigongono. Kenaka ndinkathiramo madzi owiritsa atazizira, shuga wa m'chitini chimene amalume anabwera nacho, ndi madzi a mandimu. Chofufumitsa chinali kamtanda ka buledi wosaphika kamene amalume anapempha kwa mnzawo wophika m'sitima. Pakamwa pa mtsuko tinamangapo nsalu, ndipo m'mawa uliwonse ndinkavundula ndi mthiko watsopano.

Mtsuko woyamba unatilaka. Nsalu inali ndi kabowo, tintchentche tinalowa, ndipo zimene zinatulukamo zinali zowawasa moti amalume atalawa anakwinya nkhope ngati mwana amene amumwetsa kwinini. Tinaseka mpaka misozi, tinakhuthulira kudzala, n'kuyambanso. Wachiwiri unagwira. Ndinkayika khutu pamimba pa mtsuko n'kumamva ukuwira wokha popanda moto, ndipo ndikavundukula pankakhala thovu lachikasu ndi fungo lolasa m'mphuno. Ndinasefa ndi nsalu yoyera, zotsalira n'kupatsa nkhuku. Ndinkanyada, sindibisa. Chinali chinthu choyamba chimene ndinapanga chimene akazi ena a ku Yofu sankachidziwa.

Kudekha ndiye kumene amalume analibe. Vinyo akadatulutsabe thovu, anabwera ndi mabotolo amene anatola kwa anzawo, nanena kuti azungu samwera mumtsuko.

“Akadawira, amalume,” ndinatero.

“Mphamvu yake ndi imeneyo. Tiitsekere mkati isathawe.”

Kwa ine zinamveka zanzeru kwambiri. Anasema zotsekera zamtengo, ine n'kuzikhomerera, n'kumata ndi phula la njuchi kuti ngakhale kampweya kasatuluke. Mabotolo anali ochepa, choncho vinyo wotsala tinamusiya mumtsuko momwemo, wophimba ndi nsalu, m'kanyumba ka amalume. Mabotolowo anati asakhale kwawo chifukwa kumabwera anzawo a manja oyabwa. Ndinakwera pamtondo m'nyumba ya amayi n'kuwasomeka kutsindwi, pakati pa udzu ndi phaso. Unali mwezi wa Disembala, dzuwa likuswa mtengo, ndipo palibe mmodzi wa ife amene anaganiza kuti kutsindwi ndi kumene kumatentha kuposa malo onse m'nyumba.

Masana ena kunabwera a Petro kudzakambirana ndi amayi za chakudya cha pa ukwati. Anavala malaya oyera owauma ndi sitachi. Amayi anawalowetsa m'nyumba chifukwa panja panalibe mthunzi, nawapatsa mpando wathu umodzi womwewo. Amalume anakhala pamphasa mwaulemu, chipewa chili pabondo. Ine ndinagwada pakhomo ndi chikho cha madzi akumwa. Anali akuwerengera za chinangwa ndi nsomba pamene kutsindwi kunamveka phuu! ngati mfuti. Nkhuku zinabalalika panja. Tisanadziwe chimene chachitika, linaphulika botolo lachiwiri, magalasi n'kuwaza pansi, ndipo madzi achikasu anayamba kutsika m'udzu, kudontha pamutu pa a Petro ndi pamalaya awo oyera aja. Fungo linadzaza nyumba yonse. Panalibe chobisanso.

A Petro sanakalipe. Anapukuta pamphumi, nanunkhiza chala chawo, nayang'ana amalume.

“A Yakobe, nchiyani ichi?”

Ndinkayembekezera kuti amalume aseka monga tinasekera tsiku la mtsuko wowawasa lija, n'kufotokoza za dona wa ku Halale ndi vinyo waulemu. Anandiyang'ana kamodzi, mwachangu, kenaka anatembenukira kwa apongozi awo.

“Pepani, aphunzitsi. Ndi masanje a Esitere awa. Ana a siku zino! Ine ndamuletsa kangapo kuti asamaseweretse mango mumtsuko, koma samva.”

Chikho chija chinali chikadali m'manja mwanga. Amalume akanangoti ndi masanje, mwina a Petro akanaseka n'kuiwala. Koma anawonjeza kuti anandiletsa. Ndi mawu amenewo anandisandutsa mwana wofulula mowa komanso wosamvera akulu.

“Esitere, ndiwe unapanga zimenezi?” anafunsa a Petro.

“Ndine.” Sindikanakana, chifukwa manja anali angadi.

“Amalume ako anakuletsa?”

Ndinayang'ana amayi. Iwo ankadziwa zonse, mtsuko unali wawo, ndipo mawu awo amodzi akanandiombola. Anali atazolikitsa nkhope, akutola timagalasi pansi kamodzikamodzi ngati palibe ntchito ina yofunika padziko. Osadzutsa mutu anati, “Usachititse akulu manyazi, mwanawe.” Mwana wa masiku amenewo sakanatha kuloza malume wake chala pamaso pa mlendo n'kunena kuti akunama. Ndinakhala chete, ndipo a Petro anatenga kukhala chete kwangako ngati kuvomera.

Anandiuza mofatsa kuti chaka chimenecho sindisanjikidwa manja. Ndidikire ulendo wina, ndiyambirenso kalasi, ndipo Lamulungu ndizikhala kumbuyo kufikira atakhutira kuti ndasintha. Sindiwada a Petro. Anaweruza zimene anauzidwa.

Mbiri inandipitirira kufika kunyanja ndisanafikeko ndi ndowa yanga. Anyamata okonza maukonde ankandifunsa ngati mowa wapsa. Amayi ake a Monika anamuletsa kuyenda nane. Chimene chinkandipweteka koposa n'chakuti amalume sanabwere kudzandiona ngakhale pambali. Ndinkadikira kuti andiitanira kuseri kwa nyumba, andigwire paphewa, anene kuti anachita mantha. Ankangodutsa akuimba mluzu, ndipo mtsuko uja anausamutsira kwa mnzawo ku Mbungo ine ndili kumunda. Tsiku la kusanjika manja ndinakhala kumbuyo kwenikweni kwa tchalitchi, pafupi ndi chitseko. Ndinaona Monika ndi anzanga onse atavala zoyera, akupita kutsogolo awiriawiri, ndipo Monika anagwada bwinobwino monga tinkayesezera. Ndinalira mopanda phokoso, kulira kwa mkwiyo.

Ukwati wa amalume unachitika monga anakonzera. Ine ntchito yanga inali kutsuka mbale kuseri. Chakumadzulo ndinaona amalume akuitanira akuluakulu angapo pansi pa mlambe, a Petro ali pomwepo, n'kutulutsa mabotolo okongola okhala ndi mapepala achingerezi.

“Uyu ndi vinyo wa ku Halale,” ndinawamva akutero. “Ndamusunga chibwerere, kudikira siku lino.”

Vinyo wogula kwa azungu sankawerengedwa ngati wofulula, choncho onse analandira. A Petro anapsontha pang'ono, nagwedeza mutu, nanena kuti azungu zinthu amazidziwa. Makapu atabwera kwa ine kuti nditsuke, ndinanunkhiza imodzi. Anali mango a mtengo wathu. Ndinamva ngakhale kafungo ka utsi ka mtsuko wa amayi. Vinyo uja amene anatsala mumtsuko wophimba ndi nsalu anali atamaliza kuwira yekha, n'kudikha, n'kuyera mbee. Ndinaviika chala m'madontho otsala n'kulawa, ndipo anali wokoma. Amene anaphulika anali wanga, amene anakoma anali wa ku Halale.

M'mawa mwake tikuviika chinangwa m'madzi, ndinawafunsa amayi chifukwa chimene sanandiyankhulire.

“Khoswe akakhala pamkhate sapheka, Esitere,” anatero. “Ndikanayankhula, ukwati wa mlongo wanga ukanathera pomwe paja, ndipo Agnesi akanalowa m'manyazi. Iwe ndiwe mwana. Chaka chikubwera china.”

Chinabweradi. Ndinasanjikidwa manja pamodzi ndi ana amene ndinkawabereka kumbuyo, ine wamtali pakati pawo, ndipo Monika nthawi imeneyo anali atapeza kale anzake ena. Amalume anakhala ndi Agnesi mpaka ukalamba, anabereka ana abwino, ndipo anadzakhala munthu wolemekezeka m'mudzi. Za mabotolo aja sanazitchulepo kufikira tsiku limene tinawaika m'manda.

Lero ndine wokalamba kuposa mmene analiri amayi nthawi imeneyo, ndipo ndalera ana ndi adzukulu. Ndikaiganiza nkhaniyi ndimaona kuti mwina amayi sanalakwitse poyeza. Chaka cha mwana ndi ukwati wa munthu wamkulu sizilemera mofanana, ndipo pabanja zimachitika kuti wina asenze katundu wa mnzake. Chimene sindinawakhululukire msanga, iwo ndi mlongo wawo, n'chakuti anandisenzetsa osandifunsa, ngati kuti mwana alibe dzina loti lingaipe. N'chifukwa chake pakhomo panga mwana akaimbidwa mlandu ndi wamkulu, ndimamutengera pambali n'kumufunsa payekha, ngakhale wamkuluyo akwiye. Ndimadziwa mmene ndinkawakondera amalume a Yakobe. Akanangondikokera panja masana aja n'kunena kuti, “Esitere, ndipulumutse,” ndikanauvomera mlandu wonse ndi pakamwa panga, ndipo kumbuyo kwa tchalitchi kuja ndikanakhalako monyada.