Khoma la a Mbewe

Ndikakumbukira a Mbewe, amene tinayandikana nawo nyumba ku Pembamoyo, ndimamva fungo la dothi lonyowa losakanikirana ndi utsi wa zitsononkho. Anali mkamwini wochokera ku Mlolo, munthu wosayankhulayankhula, ndipo akaweruka kumunda ankagwada m'nyumba, khala lozima lili m'manja, dothi lofiira ndi phulusa zili m'phale, n'kumajambula pakhoma.

Zinali zaka za chipani chimodzi, ndipo chithunzi chimene ana tinkachidziwa chinali cha mtsogoleri wa dziko, chopachikidwa kusukulu ndi m'sitolo. Koma a Mbewe ankajambula ziwiya za akazi awo, a Nabanda: mtsuko wobenthuka kukamwa, lichero lothothoka, chipande chopserera mbali imodzi. Chilema chilichonse ankachijambula mmene chinalili. Anthu ankangoti bamboyu anakula ndi chibwana chake.

"Bwanji osajambula galimoto?" ndinawafunsa tsiku lina.

"Galimoto inayamba yandipakulirapo chakudya, mwanawe?" anatero osacheuka.

A Nabanda atamwalira, zonse zinayenda mwa mwambo. Abale awo anagawana ziwiya, nyumba ya malemu inayenera kugwetsedwa, ndipo mkamwini anayenera kusudzulidwa kuti abwerere kwawo. Mlongo wa malemu anaimirira pabwalo.

"Alamu, munatisungira bwino mbale wathu. Tengani chimene mtima wanu wafuna, kaya khasu, kaya bulangete."

"Ndipatseni khomalo," anayankha a Mbewe.

Palibe anaseka. Anyamata anagoba mosamala ndi nkhwangwa pamene panali chithunzi cha chipande chija, nakulunga chibenthucho m'thumba, n'kumangirira panjinga. Kenako anagwetsa nyumba, fumbi lili kobo.

Mphwawo wina amene anawaperekeza anadzatiuza zotsala. Njira ya ku Mlolo ndi yamiyala, ndipo atapuma pamtsinje, a Mbewe anamasula thumba lija n'kupezamo dothi lokhalokha. Analiyang'ana nthawi yaitali, nalimanganso bwinobwino, n'kupitiriza ulendo dothilo lili panjinga. Sitinawaonenso.

Nthawi imeneyo sindinamve chisoni kwenikweni, ndinali mwana. Chisoni chinandipeza nditakula. Lero chipande changa chinapserera mbali imodzi, ndipo ana anga anandigulira china chachitsulo, chonyezimira. Akandifunsa chifukwa chake sinditaya chakalecho, ndimangowauza kuti achisiye pamene chili.