Mizere yokhota m'munda mwa mayi Lozina

Lachiwiri lapitali ndinabwera kunyumba wopanda khasu. Ndinalisiya m'munda wa eni ku Mozambique, litaluma nthaka, mpini uli m'mwamba, ndipo palibe amene akufuna kukalizula.

Anzanga a kuno ku Nkhulambe mukudziwa mmene timachitira nyengo ino yopanga mizere. Ife amene sukulu inatilavula tili Fomu 2 timalawira m'mawa, n'kuwoloka malire wapansi kukagwira ganyu kutsidya, kumene minda ndi yaikulu koma manja ndi ochepa. Ine ndinapeza ndime kwa mayi Lozina, mayi wamasiye, wamfupi, wolankhula Chilomwe chosakaniza ndi Chichewa ngati mmene amachitira amayi anga.

Munda wawo ndi wodabwitsa. Mzere umayenda bwinobwino, kenako n'kukhota, kuzungulira kachilumba ka udzu kakakulu ngati mphasa, n'kubwereranso m'njira yake. Tizilumba totere tilimo tingapo. Ukayang'ana supezapo chulu, chitsa kapena mwala. Ndi udzu basi, wouma, wautali, pamene munda wonse anautentha kalekale.

"Pamene pali udzu muzilambalala," anatero mayiwo pondionetsa ndime. Sanafotokoze, nanenso sindinafunse.

Dzuwa litafika paliwombo ndinatopa nako kukhotakhota. Msana ukuwawa, ndime sikutha, chifukwa cha udzu? Ndinati izi ndi zikhulupiriro za akuluakulu. Ndinaponya khasu m'mphepete mwa kachilumba kena. Koyamba, dothi lofewa. Kachiwiri, ngwe! Chitsulo.

Mayi Lozina anali chapafupi, akuzula zitsa za nandolo. Sanakuwe. Analankhula motsitsa, ngati pali wina amene wagona.

"Achimwene, musazule. Siyani mpiniwo pang'onopang'ono. Bwererani chafutambuyo, muziponda momwe munaponda."

Ndinatero. Munda wonse unali zii, ngakhale nyenje zinaleka kulira. Ndinabwerera phazi ndi phazi mpaka kutuluka m'ndimemo.

Titafika pansi pa mtengo wa mango ndinawafunsa chimene chili m'menemo.

"Pena pali anthu, pena pali mabomba okwirira. Za nthawi ya nkhondo."

"Nanga apa ndagundapa?"

"Kaya. Mwina ndi mbale. Tinkaika mbale pamene tasiya munthu. Amene ankasiyanitsa bwino anali bambo akunyumba kuno, ndiye anatisiya."

"Palibenso wina wodziwa?"

Analoza ndi milomo. Kutsidya kwa kanjira, pakhonde la nyumba yaudzu, panali mkulu wina woonda, akuluka dengu.

"A Zuze. Ndiwo anakwirira."

"Anthu kapena mabomba?"

"Zonse."

Anthu inu, mkulu ameneyu ndi woyandikana nawo nyumba. Amapalana moto. Amabwerekana mchere. Maliro a amuna awo a mayi Lozina, a Zuze anakumba nawo manda.

"Ndiye osangowafunsa bwanji?"

Anandiyang'ana ngati ndavula pamaso pa apongozi.

"Zimenezo zinatsekedwa. Nkhondo itatha aphungu anakhala pansi kulikulu, anati aliyense wakhululukidwa, wina asafunsidwe zimene anachita. Ukamufunsa munthu kuti unakwirira pati, ndiye kuti wamufunsa kuti unapha ndani."

Akuti ochotsa mabomba anafika ndithu m'deralo. Anasesa msewu ndi pamlatho, naitanitsa msonkhano kufunsa ngati pali malo ena. A Zuze anali pomwepo, atakhala kutsogolo. Mudzi wonse unayang'ana pansi.

Ine ulemu ndili nawo, koma kuleza mtima ndilibe. Ndinadutsa kanjira kaja n'kukanjuta pakhondepo.

"Wawa agogo. Khasu langa lagunda chitsulo pa udzu wachitatu kuchokera kunjira. Ndi bomba kapena mbale?"

Sanasiye kuluka.

"Ndinu a ku Malawi?"

"Eya."

"Miyendo yanu ilipo yonse?"

"Ilipo."

"Nanga mukufunanso chiyani?"

Ndinaumirira. Pamenepo anaika dengu pansi nandiyang'ana. Maso awo ali ndi ng'ala, koma ndinaona ngati akuyang'ana munthu wina amene waima kumbuyo kwanga.

"Mwana wanga, boma linati tiiwale. Ine ndine munthu womvera. Poyamba ndinkangonamizira kuiwala. Zaka zapita, tsopano ndaiwaladi."

Anatsokomola nthawi yaitali. Ndikunyamuka anandiitananso.

"Koma wachitatuyo, ayi. Musalizule."

Musandimve molakwa. Ine nkhondo sindinaione, ndinabadwa itatha. Amayi amasimba za anthu amene ankatulukira kuno mapazi atatupa, mwana kumsana, osadziwa kuti anzawo atsala pati. Kuletsa mfuti si masewera. Anthu amene dzulo ankasakana m'tchire anakalowa m'nyumba imodzi ya malamulo, awa mbali iyi, awo mbali iyo, n'kutha zaka zisanu akutukwanizana m'malo mowomberana. Pamenepo ndikuwavulira chipewa.

Koma zaka zisanu zinatha, ena analowa, iwonso n'kutuluka. Mwa onsewo, panalibe ngakhale mmodzi woganiza kuti chiganizo chija chinatsala theka? Kunena kuti "sitikumanga" kunali bwino. Chinavuta n'chiyani kuwonjezera kuti "koma tilozere"? Munthu akanayenda ndi ndodo m'munda, n'kumati apa pagona uje, apa musaponde, kenako n'kubwerera kwawo kukaluka madengu ake mwamtendere. Sindinafike Fomu 4, koma zimenezi sizifuna satifiketi.

Mng'ono wawo wa mayi Lozina ali pansi pa kachilumba kamodzi mwa timeneti. Sadziwa kuti ndi kati. Sangagwade paliponse, chifukwa bondo likhoza kugwera pamalo olakwika. Ndiye chaka chilichonse amangomuzungulira ndi khasu, iye pamodzi ndi mabomba, ulemu wake wofanana.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Nanga amene waletsedwa kufunsa adye chiyani?

Tisaseke a kutsidya. Kuno sitinamenyane ndi mfuti, koma mizere yathu nayonso ndi yokhota. Ndi mabanja angati amene ali ndi dzina losatchulidwa? Malume amene anatengedwa pagalimoto nthawi ya chipani chimodzi ija, osabwereranso. Amene anakawanenera timamudziwa tonse, amaimba besi m'kwaya Lamulungu, ndipo timamupatsa moni ndi manja awiri. Mwana akafunsa kuti pachithunzipa ndi ndani, timamutuma kukatunga madzi.

Ndiye nthawi ya kampeni kumabwera wofuna uphungu, fumbi koboo, n'kuima pagalimoto. "Zakale zinapita, tiyang'ane kutsogolo!" Ife m'manja phwaphwaphwa. Kutsogoloko tidzera pati? Iye amayenda pa tala. Amene timaponya khasu m'dothi, osadziwa chimene chili pansi, ndife.

Mtendere wotere ndauona ndi maso anga. Ndi wa anthu awiri okalamba, wina mbali iyi ya kanjira, wina mbali iyo, kupatsana moni m'mawa uliwonse, aliyense akudziwa funso limene mnzake sadzafunsa. Umagwira ntchito malinga onse amene akulima akukumbukira pokhota.

Vuto ndi lakuti okumbukirawo akutha. Chifuwa cha a Zuze ndinachimva ndekha, si cha munthu amene adzaone nandolo wa chaka chamawa. Ndipo pondiperekeza, mayi Lozina anandiuza kuti mwana wawo wa kutauni watopa ndi munda wa zigambazigamba. Akuti mvula ikubwerayi ikangotha abweretsa thirakitala, alime zonse mpaka kunjira. Iye anabadwa nkhondo itatha, ngati ine. Amawaseka amayi ake kuti amaopa udzu.

Thirakitala silambalala.

Ndiye ndikufunseni aphungu, a uko ndi a kuno omwe, inu amene mumadziwa kutseka nkhani ndi kuwomba m'manja. Ndani mwa inu apite pakhonde paja, mkuluyo akadapuma, akamuuze kuti tsopano waloledwa kukumbukira?