Mtsikana Amene Ulemu Unkamugwetsa

"Ukunama, Wezzie! Kunyumba suyeserera. Munthu woyeserera sagwa chonchi."

Anatero Mayi Chloe, mphunzitsi wa gule wa ballet pa sukulu ina ku Woolwich, kalasi yonse ikumva. Wezzie anali pansi, bondo likuwawa. Mayeso olowera kalasi yapamwamba anali pafupi, ndipo wolephera ankayenera kusiyira wina malo.

Bodza lake liti? Mwana wamasiyeyu anabwera ku London kudzakhala ndi azakhali ake, a Etta, amene amagwira ntchito yosamalira okalamba. Ballet anaiphunzira yekha pa foni, atagwira sinki m'khitchini, mpaka sukuluyo inamutenga itaona luso lake. Akagwira barre, mtengo wogwirira uja wa m'mbali mwa khoma, panalibe womuposa. Koma mphunzitsi akangoti bwerani pakati popanda chogwira, zungulirani pa mwendo umodzi, Wezzie ankadzandira ngati woledzera.

Chomupweteka kwambiri n'chakuti kunyumba ankazungulira bwinobwino osagwa. Koma ndani akanamukhulupirira?

Tsiku lina mnzake Ruramai anamujambula pa foni ali m'kalasi. Wezzie ataonera, anagwira pakamwa. Pozungulira, wovina amayang'anitsitsa malo amodzi kutsogolo, mutu uli chilili, kuti asachite chizungulire. Ndiye kutsogoloko n'kumene kunkaima Mayi Chloe. Maso a Wezzie akangokumana ndi a mphunzitsi, ankathawira okha pansi, mutu n'kutsatira maso, thupi n'kutsatira mutu. Analeredwa kuti mwana sayang'ana wamkulu m'maso. Basi, chomugwetsa chinali chimenecho.

Anafika kunyumba wefuwefu.

"Azakhali, taimani pakhomopo. Ndikufuna ndizikuyang'anani m'maso."

"Iwe, wapenga? Ndachokera ku shifiti, miyendo yatupa, ndiye uzinditong'olera maso ngati ndakubera?"

"Mukapanda kuima, andichotsa sukulu ya ballet."

A Etta anaima, yunifolomu ili m'thupi.

Sizinali zophweka. Poyamba Wezzie ankagwera pa firiji. Atayamba kulimba mtima, azakhali ndi amene anayamba kuthawitsa maso, manyazi atawagwira.

"Inunso musayang'ane kumbali!"

"Chabwino, mayi," anatero a Etta. "Koma zithere pa ballet pompano. Ukadzayesa kwa abusa kutchalitchi, ine sindikukudziwa."

Anapitiriza choncho tsiku ndi tsiku, khosi litawongoka, mpaka maso anasiya kuthawa.

Tsiku la mayeso Mayi Chloe anaima kutsogolo atapinda manja. Khosi la Wezzie linafuna kuwerama. Analikaniza. Anawayang'ana m'maso, nakwera pa zala za phazi, nazungulira, nazunguliranso, n'kudzaima nji!

"Bwereza," anatero mphunzitsi.

Anabwereza. Sanagwedezeke.

"Lolemba ubwere kukalasi yapamwamba."

Ali m'basi, mapewa anamasuka, misozi n'kungotsika yokha. Anaimbira azakhali.

"Ndakhoza!"

"Ambuye alemekezeke! Ndiye kuti lero ndikafika kunyumba ndikhala pansi?"

Iwe amene ukugwa pamaso pa anthu pomwe ukudziwa kuti ukakhala wekha umatha, osataya mtima. Fufuza chimene chikukugwetsa, mwina si ulesi ayi. Koma inu akuluakulu amene mumaphunzitsa ana athu kunja kuno, ndi angati mwawabweza pakhomo musanawafunse n'komwe kuti analeredwa bwanji? Musayang'ane kumbali. Tiyankheni!