Kansomba ka ba Mwaka ndi thovu lake

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali mu giredi faifi, tikukhala pa kamunda kathu kufupi ndi Palabana. Kuseri kwa nyumba kunali kachipinda kamene munkagona ba Mwaka, mtsikana amene ankaphunzira zoweta ng'ombe zamkaka. Anabwera ndi sutikesi, mbaula, ndi botolo lalikulu lagalasi, lija amasungiramo maswiti m'sitolo. M'botolomo munali kansomba kamodzi kokha.

Kutalika kwake kunali ngati chala changa, koma kanavala kuposa tonse pa nyumbapo: thupi labuluu, mchira wofiira wotambalala ngati diresi la pa ukwati. Ba Mwaka ankati mtundu wake ndi beta. Atate anafunsa kuti kadzakula liti kuti tikakazinge. Atamva kuti kafika pamenepo basi, anapukusa mutu n'kubwerera ku khola.

Ine masiku amenewo ndinali ndi mbiri yanga. Makapu a alendo a Amayi anali asanu ndi imodzi, koma anatsala awiri chifukwa cha manja angawa. Chilichonse chosachedwa kusweka sankandituma. Ndiye mu Juni, ba Mwaka atanena kuti apita kwawo milungu iwiri ndipo nsomba asiyira ine, Amayi anaika pansi lichero.

"Ba Mwaka, mwaganiza bwino? Uyu mwana ali na manja ya sopo."

"Enelesi ndiye amakhala pansi kuiyang'ana," anayankha ba Mwaka. "Azakwanisa."

Mawu amenewo ndinali ndisanawamvepo pa dzina langa. Ndinalumbira mumtima kuti kansombako adzakapeza kamoyo.

Anandiphunzitsa zonse. Chakudya chake chinali timibulu tonga mbewu ya repu, tonunkha kapenta: titatu m'mawa, tiwiri madzulo, chifukwa kamimba kake n'kofanana ndi diso lake. Pakapita masiku atatu, ndichotse theka la madzi n'kuthiramo ena a pa chitsime, amene akhalitsa mu ndowa m'nyumba mpaka kuzizira kwa pansi kutachoka. Sopo asayandikire. Nsomba ina isalowemo, chifukwa kameneka n'kandewu. Pakamwa pa botolo pakhale kaneti, poti kamadumpha.

Vuto loyamba anali Amayi. Kwathu mlendo sankachoka asanakhute, ndipo timibulu titatu tinawapweteka mtima. Tsiku lachitatu ndinawapeza ataima pa botolo, akufikisa chitumbuwa m'zala.

"Mlendo pa nyumba yanga azidya monga ali m'ndende?" anatero.

Ndinaphimba botolo ndi manja onse awiri. Kanali koyamba kuwakaniza Amayi chinthu. Anandiyang'ana, n'kuseka, chitumbuwa n'kudya okha. Koma chifundo chawo chinapeza pena potulukira. Mphepo ya Juni itayamba kulowa pansi pa chitseko, kansomba kanangokhala duu pansi pa botolo. Amayi ndiwo anatulutsa chitenge chakale, n'kufunditsa botolo ngati khanda, n'kuliika pa kabati ya ku khoma limene linkafunda ndi dzuwa la masana. Mawa lake kanayambanso kuvina.

Sabata yoyamba inatha bwino, mpaka ndinayamba kuyenda mokweza mapewa. Kenako m'mawa wina, ndikuchotsa chitenge, ndinaona thovu pamwamba pa madzi, loyera, lounjikana m'mbali mwa galasi.

Chaka cham'mbuyo mbuzi yathu inadya masamba a chinangwa, n'kutupa mimba, n'kutuluka thovu kukamwa, dzuwa lisanalowe n'kufa. Choncho kwa ine thovu linali imfa. Ndinatenga sipuni ya tiyi n'kuliwaula lonse, kukataya kunja. Mawa lake linabwerera, lochuluka kuposa dzulo. Ndinaliwaulanso. Kansomba kankatukumula masaya n'kumajompha sipuni, ine n'kumati kakumva ululu, kakupempha thandizo. Masiku asanu ndinachita zimenezi. Ku sukulu ticha akamalemba pa bolodi, ine ndinkangoona botolo, kansomba katagadama.

Lachinayi amayi a mpingo anasonkhana kwathu. Atatha kupempherera odwala, ndinakoka Amayi chitenge n'kuwanong'oneza. Ndinkaopa kuti andiseka. Koma aNaphiri, amene ankatsogolera, anangoti botolo libwere pa mphasa. Anatseka maso bwinobwino.

"Ambuye, Inu amene munalenga nsomba zikuluzikulu za m'nyanja, kumbukiraninso aka, kamene sikangakwane ndiwo za mwana mmodzi. Ndipo mutonthoze mtima wa Enelesi."

Ameni anamveka wamphamvu, ngakhale mayi wina kumbuyo anatsokomola nthawi yaitali ndithu.

Lamlungu tinalawirira ku tchalitchi, moti sindinawaule thovu. Masana ba Mwaka anatsika minibasi pa msewu. Ndinawathamangira, ndipo ndisanalandire n'chikwama chomwe, ndinaulula zonse misozi ili chuchuchu: nsomba ili moyo koma ikudwala matenda a mbuzi, ndayesetsa, andikhululukire. Analowa m'nyumba mofulumira, n'kusuzumira m'botolo. Kenako anakhala pa mpando n'kuseka mpaka kupukuta maso.

"Enelesi, iyi ni nsomba yaimuna. Ili thovu ni nyumba, imamangila ana bake. Ikamanga so, ninshi ili na mphamvu. Kwa ine ikalibe kumangapo olo kamozi."

"Nanga ine na sipuni?"

"Iwe unali kugwetsa nyumba ya mwine wake."

Atate anali pa khomo, akumva zonse. Anafunsa kuti kamanga kangati. Nditati kasanu ndi kamodzi, anayandikira botolo, n'kuliyang'ana nthawi yaitali. "Kumugwetsela nyumba masiku yonse aya, iye osaleka? Uyu ni mwamuna," anatero. Kuyambira pamenepo ankakapatsa moni m'mawa uliwonse asanapite kukama ng'ombe, ndipo za kukazinga sanazitchulenso.

Madzulo a tsiku lomwelo Amayi anatsegula kabati, n'kutulutsa makapu awiri aja otsala. Anathiramo tiyi, n'kundipatsa thireyi popanda mawu ochenjeza. "Pelekela ba Mwaka." Ndinayenda ngati ndasenza mazira, ndipo onse awiri anafika.

Lero ndine mayi wa ana atatu, tikukhala cha ku Silverest kumene tchire lonse lasanduka mapuloti. Tinsomba totere tikugulitsidwa m'tauni, m'mabokosi agalasi aakulu okhala ndi chofunditsira madzi chamagetsi, ndipo akuti ndimo timakhala bwino kuposa m'botolo. Mwana wanga wamkazi akadabwa ndi chinthu amafunsa foni, yankho n'kubwera mantha asanafike n'komwe. Ndimathokoza Mulungu pa zimenezi. Komanso ndimamuthokoza chifukwa cha ba Mwaka, amene anandikhulupirira makapu atatsala awiri, ndi chifukwa cha aNaphiri, amene sanaseke pemphero la mwana.

Dzulo ndinapeza matope, timitengo ndi zitsekerero za mabotolo zitaunjikidwa pa khonde limene ndinali nditangokolopa. Tsache linali kale m'manja. Ndinakumbukira sipuni ija, n'kuliika pansi, n'kuitana wamng'ono kuti andiuze kaye chimene akumanga.