Ine Ndinkayenda, Iwo Ankawombera

Linali Lachiwiri, dzuwa lili paliwombo, pamene anandiimbira foni kuti amuna anga agwa pantchito. Ine ndinali pamsika ku Chilomoni kuno, ndikuunjika tomato pabenchi. Iwo anali owotcherera zitsulo, ankapanga mageti ndi mafelemu a mawindo, ndipo tsikulo anagwa chitsulo chili m'manja. Kuchipatala anatiuza kuti ndi sitiroko, yobwera chifukwa cha kuthamanga kwa magazi. Anatuluka ali moyo, koma mkono ndi mwendo wamanzere zinali zitafa, ndipo mawu ankatuluka mokoka. Inu owerenga, ine sukulu sindinapite nayo patali, koma ndaona kuti ndikuuzeni zomwe zinatichitikira, chifukwa posamalira wodwala wanga ndinawabisira chinthu chomwe chinadzawadzutsa.

Bambo a Esinati, monga ndinkawatchulira, anali ndi gemu yawo ya pafoni. Ndi gemu ya nkhondo yomwe anthu amasewera pa intaneti, aliyense ali kwawo. Mu timu amakhala anthu anayi, amalankhulana ngati ali pamodzi, ndipo aliyense amayendetsa msilikali wake. Lamulungu tikabwera ku Misa, iwo ankakhala pakhonde, timawaya m'makutu, n'kumauza anzawo kuti wina adzere kumanzere, wina agone pansi. Anzawowo anali aang'ono kwa iwo, choncho ankawatcha Madala. Ine sindinkalimbana nawo, koma mumtima ndinkati izi ndi zachibwana kwa bambo yemwe mwana wake ali ku sekondale yogonera konko.

Titabwera kuchipatala, amuna a m'dera lathu anachita kuwanyamula pampando, chifukwa nyumba yathu ili pamtunda ndipo galimoto imathera kumunsi. Tsiku lomwelo achemwali awo aakulu a ku Ndirande anandilangiza kuti foni ija ndiichotse pafupi. Anati munthu wodwala mutu safuna phokoso la mfuti, komanso akayesa kusewera n'kulephera, mtima uwapweteka, magazi athamanganso. Ndinaona kuti ndi nzeru. Ndinaizimitsa foniyo n'kuiika m'sutukesi, pansi pa nsalu zanga za kutchalitchi. Akaifunsa ndinkawauza kuti ayambe apuma kaye.

Poyamba anthu ankabwera. A ku mphakati ankadzapemphera nafe, anzawo owotcherera ankadutsa ndi nthochi. Koma mtunda wathu ndi wotopetsa ndipo aliyense ali ndi zake, moti pang'onopang'ono pakhomo panati zii. Amuna anga anatembenukira kukhoma. A mafizo, aja othandiza ziwalo kuti zigwirenso ntchito, anawapatsa kampira koti azifinya ndi dzanja lakufalo, koma ankangokakankhira pansi pa bedi. Phala ankamwa masipuni ochepa n'kukana. Ndikawanyengerera, ankangoti ndiwasiye, munthu wa dzanja limodzi alibe chomwe akudyera. Ndinaona ndi maso anga kuti chomwe chikuwamaliza tsopano si sitiroko ayi, koma kuti asiya kufuna kukhala ndi moyo.

Loweruka lina kunabwera mlendo, mnyamata wamtali wovala kofiya, akupuma mwawefuwefu chifukwa cha mtunda. Anati dzina lake ndi Yusufu, telala wa ku Mbayani, ndipo akufuna kuona Madala. Anachita kufunsa kwa owotcherera a kumsika kuti apeze pakhomo pathu. Ndinadabwa kumva kuti iye ndi amuna anga anali asanaonanepo maso ndi maso, ankangodziwana mu gemu. Atangoti odi pakhomo la chipinda, amuna anga anatembenuka okha kuchoka kukhoma. Anamudziwa ndi mawu.

Anacheza nthawi yaitali, Yusufu akudikira moleza mtima mawu awo okokawo. Kenako anawauza chomwe anabwerera. Malo awo mu timu anali akusungidwabe, koma mnzawo wina, Sitivini wa ku Bangwe, munthu wosafuna kugonja, anali atapeza wolowa m'malo. Anagwirizana kuti Madala akapanda kubwerera mwezi usanathe, malowo apita. Amuna anga anangonyamula dzanja lawo lamanzere ndi lamanja, n'kulisiya kuti ligwe pabulangete.

Yusufu anandipempha foni ija, ndipo ndinakaitulutsa m'sutukesi mwamanyazi. Anandionetsa kuti gemuyo imafuna zala ziwiri: chala chachikulu chamanzere chimayendetsa msilikali, chamanja chimalozetsa mfuti ndi kuwombera. Atatero anandiyang'ana n'kunena kuti, “Alamu, chala chanu chamanzerecho chimagwira ntchito yanji Lamulungu masana?”

Umo ndi momwe tinayambira. Ndinkawakhazika tsonga n'kuwatsamiritsa mapilo, ine n'kukhala kumanzere kwawo, phewa ndi phewa, foni ili pathireyi pamiyendo pathu. Ine ndinkayenda, iwo ankawombera. Masiku oyamba zinali zochititsa manyazi. Ndinkagunditsa msilikali pakhoma, kumugwetsa padenga, tsiku lina ndinamulowetsa mumtsinje. Akati manja ndinkapita kumanzere. Titayesa kusewera ndi timu, tinafa koyambirira, ndipo ndinamva Sitivini akudandaula kuti iye sanagule bandulo ya intaneti yoti aziperekeza odwala. Amuna anga anazimitsa foni.

M'mawa mwake ndi iwo amene anandiitana. Anati vuto si ine ndekha, vuto ndi mfuti. Mu gemuyo mfuti umachita kuimanga wekha usanalowe kunkhondo. Umasankha mpope, chogwirira chakutsogolo, galasi loonera patali, magazini yosungira zipolopolo, chovala kukamwa kwa mpope, ndi chakumbuyo chotsamira paphewa, chomwe iwo ankachitcha thako la mfuti. Yawo yakale inali yopepuka, ya mpope waufupi, yoyenera munthu wothamanga amene amalowa m'nyumba n'kukumana ndi mdani pafupi. Anaimangira manja awiri a munthu mmodzi. Tsopano manja anali a anthu awiri, ndipo mmodzi anali mayi wogulitsa tomato.

Ine ndinati nkhaniyo ndi yosavuta, tingosankha chachikulu pa chilichonse. Anandilola. Ndinaika mpope wautali kuposa yonse, galasi lalikulu, magazini yaikulu, thako lolemera. Titalowa pamalo oyeserera, msilikali wathu ankayenda ngati wasenza thumba la simenti kukwera mtunda wa kwathu. Pomwe ankati akweze mfuti, mdani anali atapita kalekale. Apo ndi pomwe ndinamva amuna anga akuseka koyamba chigwereni. Pakamwa panali popindika, malovu akutuluka, koma kunali kuseka kwawo komwe kuja. Ndinanamizira kukatenga madzi kuti asaone misozi yanga.

Anandifotokozera ngati mmene ankafotokozera makasitomala a mageti. Ukaika zitsulo zonenepa geti limalimba, koma limalemera ndipo mahinjesi amatopa. Chilichonse chomwe waika pamfuti chimakupatsa china n'kukulanda china. Choncho tinayamba kusintha chinthu chimodzi pa nthawi, kuyesa, kenako china. Galasi lalikulu tinalichotsa, chifukwa chala changa chikangonjenjemera pang'ono, dziko lonse linkagwedezeka m'maso mwawo. Tinatenga lapakati. Mpope wautali tinausunga, popeza ife tinayenera kumenya nkhondo tili patali. Thako tinatenga lopepuka kuti msilikali azitha kuyenda. Magazini yaikulu tinaisiya pomwepo, chifukwa pobwezera zipolopolo munthu amayenera kubisala msanga, ndipo ine kubisala msanga sindinkatha.

Pomwe tinakangana ndi pa chovala kukamwa kwa mpope, chifukwa pamalowa chinthu chimodzi chokha. Iwo ankafuna chija choletsa mfuti kudumpha ikamawombera, poti ndi chala chimodzi ankavutika kuibweza pansi. Ine ndinkafuna sailensa, yomwe imachepetsa phokoso kuti adani asadziwe pomwe muli. Ndinawauza kuti iwo amangowombera, koma adani akatimva, wothawa ndine, ndipo akudziwa okha mathawidwe anga. Tinakangana ngati mmene tinkakanganirana kale pa zinthu za m'nyumba, mpaka ndinawatcha aliuma, iwo n'kunditcha dalaivala wopanda laisensi. Mumtima ndinkathokoza Mulungu, chifukwa munthu amene wasiya kufuna moyo sakangana.

Mapeto ake anagonja, tinaika sailensa. Kudumpha kwa mfuti tinakuchepetsa ndi chogwirira chakutsogolo, koma sikunathe. Foni inkaterereka pathireyi iwo akamakanikiza ndi mphamvu. Ndinati tiike nsalu pansi pake, iwo anakana. Anandiuza kuti nditenge dzanja lawo lamanzere ndiliike kuseri kwa foni kuti lizitchinga. Poyamba linkangogona pamenepo ngati mtengo. Koma tsiku lina ndinawapeza atatulutsa okha kampira kaja pansi pa bedi ndi ndodo, akukafinya mano atalumana. Anati dzanjalo likuwachedwetsa, liyenera kuphunzira kugwira foni.

Lamulungu lomaliza la mwezi linafika. Magetsi anali atazima kuyambira m'mawa, koma foni ndinali nditakaitchajitsa kwa aneba omwe ali ndi sola. Titalowa, Sitivini sanatipatse ngakhale moni. Ife tinachita zomwe tinapangana: ndinatsatira anzathuwo kumbuyo, ndinakweza msilikali pakaphiri n'kumugoneka paudzu. Sitivini, monga mwa khalidwe lake, anathamangira m'nyumba ina yekha, ndipo anamuwombera n'kugwa. Mu gemuyo munthu akagwa amakwawa kwa kanthawi, ndipo mnzake akafika msanga amatha kumudzutsa. Yusufu ndi mnzawo wachinayi anali kutali. Adani awiri anatuluka kuti adzamumalize.

Amuna anga anandinong'oneza kuti ndisagwedezeke. Ndinachotsa chala pafoni n'kusiya ngakhale kupuma. Anawombera woyamba, anagwa. Wachiwiri anayamba kuzungulirazungulira, osadziwa komwe zipolopolo zikuchokera, mpaka nayenso anagwa. Kenako anandiuza kuti tsopano thamangani, mayi. Ndinathamanga, osagunda khoma, osagwera m'dzenje, mpaka ndinafika pomwe panali Sitivini ndipo tinamudzutsa.

Kenako Sitivini anafunsa kuti, “Madala, ndani akukuyendetsani?”

“Akazi anga,” anatero iwo, ndipo mawuwo anatuluka bwino osakoka.

“Alamu, pepani pa zija ndinalankhula. Koma mukamathamanga muzisiyako kuwerama, mumachedwa.”

Tsiku limenelo sitinapambane, timu ina inatimaliza cha kumapeto. Koma za wolowa m'malo sizinatchulidwenso.

Kuchokera apo amuna anga anayamba kudya. Ankafunsa okha tsiku lopita ku mafizo. Dzanja silinabwerere mwakale, koma linafika pogwira foni ndi kapu ya tiyi. Anayamba kuyenda ndi ndodo mpaka pakhonde, kenako mpaka kwa aneba, ndipo pa Pasaka anatsika mtunda wathu kupita ku Misa atatsamira phewa langa. Esinati akabwera ku holide ankapeza bambo ake akuseka. Chala chawo chamanzere sichinathe kuyendetsa msilikali mpaka mapeto, ndipo kunena zoona ine sindinadandaule. Pa zaka zonse za ukwati wathu, sitinakhalepo pafupi chotero, kapena kulankhulana kwambiri chotero.

Dzinja lotsatira sitiroko inabweranso, ndipo ulendo uno sinawasiye. Pa maliro, Yusufu, Sitivini ndi mnzawo uja anabwera, ndipo anali m'gulu la anthu amene ananyamula bokosi kutsika nalo mtunda m'matope. Anthu ankafunsa kuti achibale amenewa ndi ochokera kuti. Pogawa katundu wa malemu, wina anatchula za foni, koma achemwali awo aja ndi amene anaitenga n'kuiika m'manja mwanga. Anati iyi siikugawidwa, mwini wake wina ali moyo.

Inu owerenga, makamaka amene mukusamalira odwala, ndikupempheni chinthu chimodzi. Musamuganizire wodwala kuti ichi chimupweteka, ichi n'chachibwana, n'kumubisira osamufunsa. Ine ndinachita zimenezo chifukwa cha chikondi, koma masabata amene foni inali m'sutukesi ndi omwe amuna anga anayang'ana khoma, ndipo masabata amenewo sindingawabweze. Mankhwala apatseni, kuchipatala apititseni, mapemphero musasiye. Koma funsaninso kuti chinkawasangalatsa ndi chiyani, ndipo ngati sangathenso kuchichita okha, onani ngati dzanja lanu lingalowe pomwe lawo lalephera. Musanyozenso anzawo a munthu chifukwa choti simunawaonepo. Amene anakwera mtunda wathu ena atasiya anali munthu yemwe sindinkadziwa kuti alipo.

Ndimathokoza Mulungu chifukwa cha nthawi imene anatiwonjezera ija, ndipo ndimathokoza Yusufu, yemwe mpaka pano amasoka yunifolomu ya Esinati.

Masiku ano m'kati mwa sabata ndimagulitsa tomato wanga pabenchi lomwe lija. Lamulungu ndikabwera ku Misa ndimakhala pakhonde n'kulowa mu timu, pa dzina lomwelo la Madala. Sitivini amandiuza kuti kunabwera zida zatsopano zabwino kuposa zathu, koma mfuti ija sindinasinthe kanthu. Kuyenda ndimatha. Kuwombera ndikuphunzira.