Tsiku limene adzukulu anakana kusambitsa Alberto

Amene anandibweretsera uthenga ndi Rosa, mpongozi wanga. Anagogoda tambala asanalire, nsalu itanyowa ndi madzi a mtsinje wa Ruo, n'kungoti, "Amayi, tabwera naye." Mwana wanga Alberto anali pa machira kuseri kwa nkhokwe. Anamwalirira kwa Muloza, kumene ankakhala chitulukireni m'chipatala cha ku Malawi. Kumeneko madotolo anamudula matumbo aakulu chifukwa cha khansa, n'kuchotsanso kachiwalo ka pamwamba pa impso kamene matendawo anafikako. Pamimba anamusiyira chiboo chotulukira chimbudzi. Ndimawathokoza ndithu, chifukwa mwana wanga anaonanso dzinja lina.

Kunacha ndi nkhungu. Anthu ankabwera mozemba, kudzera m'minda ya chinangwa, osati mumsewu. Sitinalire mokweza. Moto tinakoleza wochepa pansi pa mtengo wa mango, kuopa kuti utsi ungaitane anthu amfuti, pakuti inali nthawi ya nkhondo.

Adzukulu atalowa kukasambitsa mtembo, anatuluka msanga. Wamkulu wawo anaima pakhomo, osandiyang'ana.

"Mayi, munthuyu ngotsegula, ndipo zina mulibemo. Wotere sitimuika pakati pa anzake. Tikumba kunja kwa manda."

Kunja kwa manda kunali tchire, kumene tinkakwirira alendo ophedwa panjira. Akatekisita anawanyengerera, koma anakanitsitsa. Ankati wotsegula amabwerera kudzafuna zake.

Kwathu kuno mayi saona mwana wake akusambitsidwa. Ine ndinalowa. Ndinapukuta chiboocho monga ndinkapukutira mchombo wake ali khanda. Ndinavula mpango kumutu, n'kumumanga nawo mimba, ndikunena pemphero la Tikuoneni Maria. Thupi linali lopepuka ngati phesi. Kenaka ndinaitana adzukulu aja.

"Bwerani muone, bambo. Ndamutseka ine amene ndinamubala. Akabwerera adzafikira kwa ine, osati kwa inu."

Wamkuluyo anapempha madzi osambitsira mtembo, n'kuuza anzake kuti akakumbe pafupi ndi pamene anagona malume ake a Alberto.

Tinamunyamula m'mphasa, nyimbo tikuimbira m'kamwa, mfuti zikumveka patali cha ku Mongue. Mvula inayamba kuwaza tikukwirira.

Anthu anabalalika kusanade. Ndinatsala ndi Rosa m'nyumba yopanda nyale, tikumva madontho padenga. Chitseko sindinapiringidze, ndipo mpaka lero sindipiringidza, pakuti ndinalonjeza pamaso pa anthu.

Inu owerenga, mutikumbukire popemphera, ine, Rosa ndi ana ake. Mumukumbukirenso Alberto, amene mbali ina ya thupi lake inatsala tsidya la Ruo.