Lachisanu Mpanda Ukakhala Chete

Anthu ankangowaitana kuti a Chikwakwa, poti palibe anawaonapo chikwakwa chili kutali ndi dzanja lawo. Ntchito yawo inali yoyendera mpanda wamagetsi wozungulira nkhalango yotetezedwa. Gawo lawo linali makilomita asanu ndi atatu, kuchokera pakanyumba ka mabatire mpaka pakhwawa, ndipo analiyenda zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Kudzanja lina kunali nyama, kudzanja lina minda ya anthu. Iwo ankayenda pakati.

Ankagona m'chipinda chimodzi chogundizana ndi kanyumbako. Munali bedi lachitsulo, ndowa ziwiri, wailesi yolankhulira ndi kumsasa wa oyang'anira nkhalango, ndi chitenje cha malemu akazi awo chimene chinasanduka katani ya pawindo. Ana awo anali kutauni. Foni inkagwira pachulu chimodzi chokha, ndipo masiku ambiri ankakwera chulucho n'kutsika osamva mawu a munthu.

Mpanda wamoyo, umene magetsi akuyenda, umagunda: tha, tha, tha, ngati mtima wa munthu wogona. M'dzinja udzu umathamanga, ndipo ukakhudza waya umaba mphamvu, choncho a Chikwakwa ankatchetcha mpaka zikhatho kuuma gwa. M'nyengo yozizira ankakwirira maenje amene njiri zinkakumba kunsi kwa mpanda. M'chilimwe, tsanya atayoyola masamba, nyenje zili pokopoko, ankatola afulu n'kuwabweza m'tchire asanapse pawaya wam'munsi. Pofuna kudziwa ngati magetsi akuyenda, ankathyola tsamba la udzu wauwisi n'kuligoneka pawaya. Zala zikanyerenyetsa, ankapitirira.

Njovu inabwera chaka chachitatu akazi awo atamwalira, chimanga chikuyamba kumene kufiira ndevu. Inali yamphongo, yokalamba, yoyenda yokha. Minyanga yake yonse iwiri inathyokera pafupi ndi kamwa. Iwo akamayenda kunja kwa mpanda, iyo inkayenda m'kati, m'mitengo ya mthethe, mtunda woti munthu n'kuponya mwala. Akaima kuti atchetche, nayonso inkaima n'kumathyola nthambi.

"Mwadzuka bwanji, Akulu?" ankaifunsa. "Mawondo akuti chiyani lero? Anga akukana."

Njovu inkangoguguma m'mimba, ndipo kwa iwo yankho limenelo linali lokwanira. Ankaiuza za mvula imene yachedwa, za mwana wawo wamkazi amene wabereka koma sanabwere kudzaonetsa khanda, za nsapato zakumsasa zimene zimatha msanga. Zaka ziwiri zinatha motero.

Lachisanu lililonse, dzuwa likangotuluka, a Chikwakwa ankazimitsa magetsi a gawo lonse n'kupita kukhwawa kukakunga mawaya amene madzi ankawakhwefula. Ankabwerera dzuwa lili paliwombo n'kuyatsa. Umu ndi mmene anawaphunzitsira amene anawasiyira ntchitoyi, ndipo sanaphonyepo tsiku. Lachisanu lokha njovu sinkawaperekeza. Inkatsala pafupi ndi kanyumba.

"Lero ndi tchuthi chanu eti?" ankaiseka. "Ena tilibe."

Masika a chaka chimenecho, Lachisanu lina, pobwera anapeza nsanamira yagona, mawaya apondedwa. Mapazi aakulu ngati malichero anatuluka, ndipo anabwereranso. Anakonza, nauza akumsasa kuti kwadutsa njovu, koma sananene kuti iti.

Lachisanu lotsatira anapeza alamu awo, mchimwene wa malemu, atakhala pakhomo, atanyamula phesi lachimanga lotafunidwa.

"Alamu, ndabwera kudzakuonetsani ntchito ya akazi anu atsopano."

"Akazi anga ati?"

"Musandifunse ngati simukudziwa! Mudzi wonse umakumvani mukucheza nawo. Mlongo wanga tinamuika, inu mwakatola wamakutu aakulu. Koma mlongo wanga sankadya munda wonse chakudya cham'mawa chokha."

A Chikwakwa anayesa kuseka, koma kuseka kunakana.

"Ndi yamphongo, alamu."

"Ndiye zafika poipa zedi," anatero alamuwo. Kenaka anatsitsa mawu. "Maungu atha, chimanga chatsala cham'mphepete. Ndili ndi zidzukulu zinayi pakhomo. Ine ndakanena kale kumsasa, musandide."

Madzulo asanafike kapitawo wa kumsasa anatulukira panjinga yamoto. Anayang'ana mapazi aja, nayang'ana a Chikwakwa.

"Madala, lamulo mukulidziwa. Njovu ikatuluka katatu, timaitanitsa mfuti. Apa ndi kawiri."

"Yakalamba, bwana. Mano atha, ikungofuna zofewa."

"Nanga anthuwa adye zolimba? Koma chikundizunguza mutu n'chimodzi. Zinzake zimadula waya ndi minyanga, poti mnyanga sugwidwa magetsi. Iyi ili ndi zitsa zokhazokha. Ikudutsa bwanji mpanda wamoyo?"

Kapitawo atapita, a Chikwakwa anakhala pandowa yovundikira n'kumamvetsera. Tha, tha, tha. Anawerenga masiku ndi zala. Kutuluka koyamba, Lachisanu. Kwachiwiri, Lachisanu. Njovu sinadutsepo mpanda wamoyo. Makutu aakulu aja ankamva kugunda kumene iwo ankamva, ndipo ankamvanso kukaleka. Tsiku ndi nthawi anaiphunzitsa ndi iwo eni, sabata ndi sabata, osaphonya.

Sabata imeneyo anayenda nayo monga mwa masiku onse, koma nkhani zinawathera. Kusintha tsiku lozimitsa sikukanathandiza. Njovuyo inali itazolowera kukhala pafupi ndi mpanda, ndipo batire likadzafooka kapena mtengo kugwera pawaya, ikanadzamva.

Lachisanu kunacha ndi mame ambiri. Nkhwali zinkalira kumunda. A Chikwakwa analowa m'kanyumba ka mabatire, nazimitsa magetsi, koma kukhwawa sanapite. Anasiya chitseko chili pang'ono, dzanja lili pa suwichi.

Mpanda unakhala chete. Patapita kanthawi mthethe unagwedezeka, njovu inatuluka. Inaima, makutu ili tambasu. Sinayang'ane kukanyumba, sinayang'ane njira imene ankayenda limodzi. Inayandikira mpanda pang'onopang'ono, mame akunyezimira pamsana pake, ndipo inatukula chitamba.

A Chikwakwa akanatha kukuwa. Koma mawu awo inali itawazolowera ngati kulira kwa njiwa, sikanathawa. Anadikira mpaka nsonga yonyowa ya chitamba itagona pawaya wapamwamba.

"Pepani, Akulu," anatero, nayatsa.

Kulira kwake kunadzutsa nkhanga zonse m'dambo. Njovu inabwerera chafutambuyo, inagwada ndi mwendo umodzi, inadzuka, ndipo inathyola tchire kulowera m'kati. Nthambi zinamveka kuthyoka kwa nthawi yaitali, mpaka phokoso linazilala kuseri kwa phiri.

Alamu awo anakolola chimanga chotsalacho, ndipo anabwera ndi dzungu limodzi lalikulu.

"Ili akazi anu analiiwala," anatero, koma ataona nkhope ya a Chikwakwa sanapitirize. Anakhala pang'ono, nakamba za mbewu, natsanzika.

Kuyambira pamenepo a Chikwakwa amazimitsa magetsi tsiku lililonse limene lawabwerera m'mutu, kwa kanthawi kochepa, ndipo chimene chatsala amakamaliza tsiku lina. Ntchito ya m'mawa umodzi tsopano imawatengera masiku atatu.

Udzu unauma, moto wa lupsa unadutsa, mitengo inaphukira masamba ofiira. Chizimalupsa chitagwa, kapitawo anaima pakhomo osazimitsa njinga.

"Madala, mnzanu uja anyamata amuona kumtsinje waukulu, m'katikati. Ali bwinobwino, akudya bango."

"Anali yekha?"

"Yekha."

A Chikwakwa anagwedeza mutu, natola chikwakwa. Nthaka inkanunkhira mvula yoyamba. Atafika pamitengo ya mthethe anachepetsa liwiro, monga ankachitira kale podikira kuti mnzawo amalize kuthyola nthambi. Anawerama, nathyola tsamba la udzu wanthete, naligoneka pawaya. Zala zinanyerenyetsa, ndipo anapitirira ulendo wa kukhwawa.